Nkhope ya Atsibweni

Chipinda chimene Januario ankaphunziriramo kujambula chinali kuseri kwa tchalitchi, pakati pa nyumba yopalira matabwa ndi khola la nkhumba za pamishoni. Kale munkasungidwa laimu ndi makasu. Tsopano munkanunkha utoto wamafuta, fungo lokakamira zovala loti nkhumbazo zikanatha kulankhula zikanapita kukadandaula kwa bambo mfumu.

Januario anali mnyamata wamtali, wofatsa, wosachedwa kutuluka thukuta. Makolo ake anachokera ku Angoniya, m'dziko la Apwitikizi, kudzalima fodya pa esiteti ina ya kufupi ndi Namitete, ndipo iye anakulira pamishoni akuphunzira ukalipentala. Kumeneko ndi kumene Bulazala Clement, mzungu wa ku Holande, anamupezerera tsiku lina akujambula ng'ombe ndi khala pathabwa limene anamutuma kuti apale. Mnyamatayo ankayembekezera khofi, koma anapatsidwa burashi.

Bulazala anali ndi kachithunzi kosindikiza kamene anabwera nako kuchokera kwawo, kongokwana m'manja. Munali chikhamu cha anthu mumsewu wa mzinda wina wa ku Ulaya, nkhope zachikasu, zofiira, zobiriwira, maso olowa m'kati, onse akulowera kumodzi koma popanda woyang'ana mnzake. Ntchito ya Januario inali kukuza kachithunziko pansalu yaikulu ngati chitseko, yokhomerera pafelemu ya matabwa. Nsaluyo inalipo imodzi yokhayo. Bulazala anali atalonjeza kuti ikatuluka bwino, makoma a tchalitchi chatsopano adzajambula ndi Januario.

Lonjezo limenelo ndi limene linkamulimbitsa mawondo. Lamlungu likubweralo ankhoswe ake ankapita kukagwada kwa a Elifasi, atsibweni ake a Josephine, mtsikana amene ankafuna kumukwatira, kukapempha mbeta. Mwana wa munthu wobwera, wopanda munda, akanakanena kuti ali ndi chiyani? Koma munthu wojambula makoma a tchalitchi, ameneyo angathe kupatsidwa mpando.

Poyamba zinkakanika. Anaphunzira kuyamba ndi mitundu yakuda, yosungunula bwino, kudikira iume, kenako kuika yowala pamwamba. Zonsezo anazigwira msanga. Koma nkhope zinkatuluka zakufa.

"Anthu ako ali ngati mbatata," Bulazala ankatero m'Chinyanja chake chopindika. "Iwe ukujambula mphuno. Usajambule mphuno, jambula mantha. Kodi sunaonepo anthu ambiri akuopa pamodzi?"

Januario anali atawaonapo. Anawaona pamsika wa fodya, alimi atandandalika kutsogolo kwa sikelo, aliyense maso ali pamtolo wake, akudikira kumva ngati thukuta la chaka chonse lalowa kapena labwezedwa. Atangokumbukira zimenezo dzanja linayamba kuyenda lokha. Msewu unakhalabe wa ku Ulaya, mitundu inakhalabe ya m'kachithunzi kaja, koma nkhope zinabwera za konkuno.

Lachisanu m'mawa Bulazala anaima patsogolo pa nsaluyo nthawi yaitali akukanda ndevu.

"Tsopano anthu ako akupuma," anatero. "Koma usaikhudzenso. Utoto wa pankhopezi ndi wokhuthala, sunaume. Ukaugwira lero udzalira. Ine ndikupita ku Lilongwe kukagula misomali, ndibwera Lolemba. Bokosi la utoto ndakhoma, kuti dzanja lisakuyabwe."

Fumbi la galimoto la Bulazala lisanathe n'komwe, panja panalira belu la njinga.

"Odi kuno, a Mpwitikizi!"

Anali Kingsley, kalaliki wa pamsika wa fodya, mwini njinga yatsopano ndi tsitsi lopaka mafuta logawa mzere pambali. Ameneyu anafunsirapo Josephine nakanidwa, anabwerezanso nakanidwanso, koma ankayendabe ngati nkhaniyo ikadali m'khoti.

"Ndamva kuti muli ndi dzanja," anatero akulowa asanauzidwe. "Mundilembere dzina pamadigadi a njingayi, anthu azidziwa kuti wadutsa ndani."

Kenako anaona nsalu ija. Anayandikira, natsinzina diso limodzi, kenako anaphulika ndi phwete.

"Uyu si Abrahamu wa ngolo uyu? Mano ake omwe! Ndiye mwamupaka chikasu ngati dzungu!"

Anayendetsa chala m'malere kuchoka pa nkhope ina kupita pa ina, akutchula mayina. Atafika pakati pa chikhamucho analeka kuseka. Pamenepo panali bambo wa jasi la usilikali la mabatani amkuwa, chipewa chopindika, khutu lakumanzere loduka nsonga. Nkhope yake inali yobiriwira, kukamwa kuli yasa.

"Awa ndi a Elifasi."

"Ndi munthu chabe wa m'chithunzi," Januario anayankha.

"Khutu ili ndi la munthu chabe, eti? Kodi eni ake adziona?"

"Ayi."

"Ndiye ndi bwino adzadzione. Zinthu zokongola chonchi sabisa."

Kingsley anatuluka akuimba likhweru, dzina pamadigadi osalembetsa. Januario anatsala ali chilili, burashi ili m'manja.

* * *

Josephine ankachokera kudimba dzuwa litapendeka, dengu la mpiru lili pamutu, pamene njinga inamutsekera njira.

"Naphiri, mulibe moni lero?"

"Moni ndi wa anthu oyenda pansi. Inu a panjinga mumangotithira fumbi. Ndipatseni njira, a Kingsley, ndiwozi zifota."

"Zifote, mawa simuzidya ndi mtima wabwino." Anatsamira pachishalo, akudzikonza kolala. "Ndachokera kwa mwamuna wanu uja. Kodi mukudziwa chimene amapanga m'kachipinda konunkha kaja?"

"Akuphunzira ntchito."

"Ntchito yake ndi yoika anthu amoyo pansalu, nkhope zopakapaka ngati zotuluka kudambwe. Mudzi wanu wonse ulimo. Koma amene wawakometsa kwambiri ndi atsibweni anu. Obiriwira ngati bilimankhwe, kukamwa kuli yasa, jasi lawo lomwe lija."

Josephine anagwiritsa dengu ndi manja onse awiri.

"Bodza limenelo."

"Ngati ndi bodza tikaona mawa. Ndawauza kale kuti pamishoni pali chithunzi chawo, ndipo akuti ndiwaperekeze m'mawa. Sindinawauze mtundu wake. Ndikufuna akadzionere okha."

"Mwatero chifukwa chiyani? Januario anakulakwirani chiyani?"

"Ine ndikuteteza mudzi wanu, Naphiri. Munthu asanalowe n'komwe chikamwini wayamba kale kunyoza eni mbumba. Akadzalowa adzakujambulani inuyo ndi michira." Anatsitsa mawu. "Ine khomo langa silinatsekedwe. Mukadzatopa nalo fungo la utoto mudzandipeza."

"Ndikadzatopa nalo ndidzapita kukanunkhiza khola la nkhumba, osati kwa inu."

Anayankha molimba chomwecho, koma njinga itangokhota pamtengo wa mkuyu, anatula dengu m'tchire, naliphimba ndi masamba, n'kuliyatsa liwiro la kumishoni. Ankadziwa bwino kuti mbeta salowa yekha m'chipinda cha mwamuna ankhoswe asanakumane. Ankadziwanso chinthu china chimene Januario sankachidziwa, ndipo chimenecho ndi chimene chinkamuthamangitsa.

* * *

Analowa osaodira. Januario anadzidzimuka mpaka kugwetsa chitini cha maburashi.

"Josephine! Akakuona anthu kuno..."

"Ali pati?"

Sanafunikire kulozeredwa. Maso ake anadutsa pa Abrahamu, pa azimayi a kutsidya, pa mkulu wa mpingo wofiira ngati phwetekere, n'kukaima pa jasi lija. Anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Januario, mwachita chiyani?"

"Sindikuwanyoza. Onsewa ndi anthu amene ndinawaona pasikelo. Mtundu wobiriwirawo ndi wa m'kachithunzi ka Bulazala, taona, munthu wa pakati ndi wobiriwira. Ndinawaika pakati chifukwa ndi amene anaima mowongoka kuposa onse."

"Inu mukuona ngati iwo adzafunsa za kachithunzi ka Bulazala?" Anakhala pa bokosi lokhoma lija. "Tamverani. Chaka chimene atsibweni anabwera kuchokera ku nkhondo, ine ndili kamwana, nkhani yawo inali Burma yokhayokha. Pamowa Burma, pamaliro Burma, ngakhale pogula mchere. Tsiku lina kunali gule kwathu. Pabwalo panatuluka chilombo chovala chijasi cha usilikali, khutu loduka, nkhope yopaka utoto, kukamwa kuli yasa, chikuguba ngati msilikali woledzera. Mudzi wonse unaseka mpaka ena kugubuduzika pansi. Ana anawaimba nyimbo chaka chathunthu. Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pabwalo, ndipo za Burma sanazitchulenso. Kwathu munthu akakuika nkhope pachinthu chopakapaka, ndiye kuti wakuvina."

Thukuta linayamba kutsika m'masaya mwa Januario.

"Ine sindinkadziwa."

"Mukanadziwa bwanji, inu obwera?"

Mawuwo anamubaya, ndipo Josephine anaona kuti amubaya, koma nthawi yopepesana panalibe.

"Ikonzeni. Apatseni khungu la munthu, mutseke pakamwapo."

"Bulazala anati ndisaikhudze. Sinaume."

"Bulazala sakukwatira Lamlungu."

Januario anayang'ana thabwa losakanizirapo utoto. Panali patatsala kadontho ka utoto wofiirira ndi kena kakuda, zotsalira za dzulo. Anazikokolola zonse ndi burashi, napuma mozama, n'kugunditsa patsaya la a Elifasi.

Utoto wamafuta sufuna munthu wopupuluma. Burashi inangoterereka, n'kukoka wobiriwira wa pansi uja. Wofiirira ndi wobiriwira zinakumbatirana n'kubala mtundu wa matope a m'dambo. Anayesanso, diso linasefukira patsaya. Anayesa kutseka pakamwa, milomo inapotokera kukhutu. Pamene utoto wa pathabwa unkatha, nkhope ya a Elifasi inali itatupa ngati ya munthu wolumidwa ndi njuchi, ndipo jasi, chipewa ndi khutu zinali chikhalire kulengeza mwini wake.

"Mwaiipitsiratu," Josephine ananong'ona.

"Ndinakuuza kuti sinaume."

"Itentheni."

"Iwe, nsalu iyi si yanga. Ndi imodzi yomweyi. Ndikaitentha, makoma a tchalitchi apita, ndiye ankhoswe anga akanena kuti ndimagwira ntchito yanji?"

"Ibiseni tsono!"

"Ndiibisa kuti, chinthu chachikulu ngati chitseko, chosauma? Ndipo akapeza palibe, Kingsley adzati ndabisa chifukwa zimene ananena n'zoona."

"Ndiye mungokhala choncho, manja lende, kudikira kuti kuche?" Misozi inali italengeza m'maso mwake. "Ndiuzeni, mukufuna nsaluyi kapena mukufuna ine?"

"Ndikufuna iwe. Nsaluyi ndikuifunira iwe."

"Ine ndikuopa, Januario. Atsibweni akakana, akana. Amayi sangatsegule pakamwa. Adzandipereka kwa wa njinga uja ine ndikuona."

Pawindo panali kampeni kophwatalala kosakanizira utoto. Januario anaona maso a Josephine akugwera pamenepo, koma anachedwa. Mtsikanayo anali atakatola kale.

"Josephine, usatero!"

Anapala kuyambira pachipewa kutsika mpaka pakolala. Utoto unamatuka ngati phala, ndipo ankaupukuta ndi zala n'kupalanso. Anafuna kupala ndi jasi lomwe, koma limenelo linajambulidwa kale kwambiri, linali litauma gwa. Khutu nalonso linakana. Atamaliza anabwerera m'mbuyo akupuma wefuwefu. Pakati pa chipewa ndi kolala panatsala chigamba chotuwa, ulusi wa nsalu ukuonekera, mikwingwirima ya mpeni ili mbwee.

"Tsopano palibe amene wavinidwa," anatero. "Mukawauze kuti simunamalize."

Januario ankayang'ana chigambacho, ndipo ankaona kuti chinali choopsa kuposa nkhope yobiriwira ija, ngakhale sakanatha kufotokoza chifukwa chake.

Belu la tchalitchi linalira kuitana anthu ku mapemphero a madzulo. Panja panamveka mawu a azimayi akudutsa. Josephine anaponya kampeni pansi, nasuzumira pakhomo, n'kuzemba chowerama kudzera kuseri kwa khola.

"Dikira!" Januario anaitana motsitsa mawu, botolo la mafuta otsukira maburashi lili m'manja. "Manjawo satsuka ndi madzi!"

Koma anali atapita.

* * *

M'mawa mwake Josephine anali woyamba kufika pachitsime. Anatsuka ndi sopo, anakhula ndi mchenga, anayesa phulusa, anafinyira ndimu mpaka zala kuwawa. M'zikhatho munayera, koma m'zikhadabo ndi m'mizere ya zala utoto unakana kuchoka. Fungo nalo linali pomwepo.

Pobwerera anapeza a Elifasi atakhala pakhonde atavala jasi lawo, mabatani atapukutidwa mpaka kung'anima. Kingsley anali ataimika njinga pankhokwe.

"Iwe mwana, tula mtsukowo," a Elifasi anatero. "Kalalikiyu akuti mwamuna wako adandijambula. Tiye ukaone nawe. Sindifuna kudzamva kuti atsibweni adaweruza okha."

Josephine anafunda chitenje chachiwiri m'mapewa, nabisa manja m'kati mwake.

"Kodi ukudwala?"

"Kukuzizira, atsibweni."

Anamuyang'ana, nayang'ananso dzuwa limene linali litayamba kale kuwotcha. Njira yonse Josephine ankayenda pambuyo, akupemphera pemphero limodzi lomwelo mobwerezabwereza mpaka mawu ake anasokonekera.

* * *

Januario anawalandira pakhomo atagwada, malaya atanyowa kale kumsana. A Elifasi anayankha moni mwachidule, nawerama kulowa. Kingsley anatsatira akumwetulira. Josephine anaima pafupi ndi chitseko.

A Elifasi anayambira kumanzere kwa nsalu, manja ali kumbuyo ngati akuyendera asilikali. Anaima, nasendera pafupi. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo Josephine anatsinzina kudikira mkuntho.

Chimene chinatuluka chinali chiseko.

"Abrahamu! Ha! Ndi momwe amachitira akamamasula mtolo wake, mano onse panja ngati akumwetulira, chikhalirecho m'mimba mukuguba!" Anasuntha pang'ono. "Awa ndi alamu anga a kutsidya. Taonani maso! Chaka chatha adabwezeredwa fodya yense, adaoneka chomwechi ndithu, achikasu ngati adwala chikasu chenicheni."

Kumwetulira kwa Kingsley kunayamba kufota.

"Koma bambo, taonani mitunduyo. Anthu aulemu wawo kuwapaka ngati..."

"Takhala chete, kalaliki. Iwe umakhala kuseri kwa sikelo, sudziwa momwe kumaonekera kutsogolo kwake." Anatembenukira kwa Januario. "Mnyamata iwe, udaima pati poona zonsezi?"

"Pansi pa mtengo wa mthethe uja, bambo. Ndinkadikira bambo anga."

"Ife timayesa kuti mantha athu saoneka. Timavala majasi, timatsokomola, timafunsana za mvula. Kani iwe unkationa mpaka m'chiwindi." Anapukusa mutu mogoma. "Uku si kuvina munthu ayi. Wovina munthu amasankha mmodzi kuti ena aseke. Iwe watiika tonse pamzere umodzi, ndi mkulu wa mpingo yemwe. Dzanja ulinalo."

Januario anaponya maso kwa Josephine. Mtsikanayo anali atatuwa milomo. Onse awiri anamva chinthu chimodzi nthawi imodzi, kuti akanangoisiya nkhope ija momwe inalili, bwenzi pano nkhani itatha.

"Nanga ine ndili pati?" a Elifasi anafunsa mosangalala. "Wandipaka mtundu wanji? Ndikakhala wofiira tikangana."

Anapitiriza okha kulowera pakati pa nsalu, akusekabe, mpaka anafika pa mabatani amkuwa.

Chiseko chinaduka ngati chingwe.

Anayang'ana jasi la pansalu, nayang'ana lawo. Anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kugwira khutu lawo loduka. Kenako maso awo anakhazikika pa chigamba chotuwa chija, pa mikwingwirima ya mpeni.

"Sindinamalize, bambo," Januario anayamba. "Utoto unatha, ndiye..."

"Usandinamize. Posamaliza sipakhala mabala. Apa padali nkhope, ndipo wina waichotsa ndi mpeni."

Kingsley, amene nayenso anali atadabwa, anapeza poponda.

"Dzulo inalipo, bambo. Ndinaiona ndi maso angawa. Ndiye munthu amapala nkhope ya mnzake usiku umodzi pofuna chiyani? Kwawo ku Angoniyako kaya amatero akafuna kuchita chiyani."

A Elifasi sanamuyang'ane. Mawu awo anatsika, ndipo kutsikako kunali koopsa kuposa kukalipa.

"Za ku Burma ndidakamba zambiri mpaka anthu adatopa nane. Koma chilipo chimodzi chimene sindidakambepo. Ndidanyamula mnzanga wa ku Kabudula kumuchotsa m'dzenje. Jasi lidali lake, chipewa chidali chake. Koma apa," anadzigwira kumaso ndi chikhatho chonse, "padalibe kanthu. Ndimamulotabe mpaka lero. Lero ndabwera kudzamupeza pano atavala khutu langa."

Josephine analuma chitenje kuti asalire mokweza.

"Amene adandivina pabwalo adandisiyira nkhope. Yoipa, koma adandisiyira. Mudzi wonse uli apa ndi maso, ndi mphuno, ndi mano. Ine ndekha ndapalidwa ndikadali moyo. Wachita zimenezi ndani?"

Januario sanayang'ane kuchitseko, kumene kunaima Josephine.

"Ndine, bambo."

"Wekha?"

"Ndekha. Ndinaopa kuti mukwiya ndi mtundu wake, ndiye ndinapala. Ndalakwa. Bulazala akabwera ndidzaibwezera, ndidzaikonza bwino kuposa..."

"Nkhope ya munthu sabwezera ngati chigamba cha thalauza." Anakonza chipewa chawo. "Ukawauze ankhoswe ako asavutike mawa. Mbumba yanga sindingaipereke kwa munthu amene akachita mantha amathamangira mpeni."

Anatembenuka kuti azituluka. Kingsley anawapatsa njira mwaulemu wonse, nkhope ili ngwee.

Apa ndi pamene Josephine anaiwala zonse. Anadzigwetsa pansi patsogolo pawo, mawondo ali gwa pasimenti, ndipo monga mwana aliyense woleredwa bwino amachitira popepesa kwa akulu, anatulutsa manja m'chitenje n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Atsibweni, chonde, ndagwira mwendo wanu. Musatero. Mumvereni kaye, si munthu woipa, chonde..."

Anawomba kachiwiri, kachitatu, kenako anaona kumene maso a atsibweni ake anali. Anafuna kubweza manjawo, koma a Elifasi anali atagwira kale dzanja lamanja.

Analitembenuza modekha, monga ankachitira kale pomuchotsa minga ali kamwana. Anayang'ana m'zikhadabo. Analinunkhiza. Kenako anamudzutsa, namukokera pang'onopang'ono ku nsalu ija, n'kuika zala zakezo pambali pa khutu lobiriwira limene mpeni unalephera kuchotsa. Mtundu wake unali umodzi.

"Bambo, ndine ndinamu..." Januario anayamba, koma a Elifasi anakweza chala osamuyang'ana.

Atatero anatembenukira kwa Josephine.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero motsitsa, "amene ndidakunyamula pamapewa awa. Ndiwe?"